Jombo za Makauboi ndi Amisiri a ku Tengwe

Nkhani ya lero ndi ya cinthu cimene munthu amaciponda tsiku ndi tsiku osacilingalira konse, kufikira tsiku limene madzi a mvula alowa ndi kumnyowetsa zala. Cinthuco ndi pansi pa jombo, pamene amisiri amapachula kuti soli. Luso locotsa soli yakutha ndi kusokerapo yatsopano liri ndi mbiri yocokera kutali, koma omvera a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe adzaimva bwino ikayambira ku Tengwe, pa mapulazi a fodya kumene anthu ambiri olankhula Cinyanja anagwira nchito, nabala ana ao, ndipo ena anagona komweko osabwereranso kwao.

Tengwe ali m'boma la Hurungwe, kumwera kwa tauni ya Karoi, ku dzanja lamanzere kwa munthu wotsata mseu waukulu wocokera ku Harare kunka ku Chirundu. Kale linali dziko la thengo, la nyama ndi kashembe. Lamulo la 1930 logawa dziko la Southern Rhodesia linapatula malo akulu kuti akhale a Azungu okha, ndipo itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945 boma linagawira asilikali Acizungu minda ya ku Karoi. Minda ya ku Tengwe inatsegulidwa pambuyo pace. Dothi la kumeneko ndi la mcenga, ndilo limene fodya woumitsa m'mabalani a moto alikonda. Koma fodya afuna manja ambiri, ndipo eni dziko, Akorekore ndi Mashona anzao, sanakonde kusiya minda yao kukagwira nchito ya tikiti kwa Mzungu. Cotero manja anacokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson kumene lero ndi Chipata, ndi ku Tete. Mashona anawapatsa alendowo dzina lakuti Acimwene, pakuti ndiwo mau amene anawamva akuitanana nao.

Komiti imene boma la Nyasaland linaika mu 1935 kufufuza za anthu opita kunja inayesa kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko pa nthawiyo. Ambiri a iwo anafika ku Halale ndi mapazi ao, masabata angapo ali m'njira, kuoloka Zambezi pa Tete ndi kulowera ku Mtoko. Malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linayamba kuyendetsa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndi bungwe la Mthandizi la 1946, zinacepetsa mtunda woyenda pansi, koma sizinambveke munthu nsapato. Anthuwo anali a mapazi olimba ndi ming'alu ku cidendene; wocenjera anadzicekera nkhwaira za cikopa kuti apulumuke ku minga ndi ku mcenga wotentha wa m'cigwa. Nsapato zinali za alendo, monga dzina lomwelo licitira umboni, pakuti licokera ku mau a Cipwitikizi akuti sapato. Cifukwa cace munthu wobwera kucokera ku Halale atabvala nsapato analandiridwa kumudzi ngati wopambana, ndipo akuluakulu akumbukira amuna amene anali kuzikoleka pa phewa m'njira monse ndi kuzibvala pokhapo denga la chalichi litaonekera. Anthu amaseka pomva zimenezi, koma amunawo sanali opusa. Anadziwa kuti phazi likang'aluka lipola lokha, koma soli ikatha ifuna ndalama.

Jombo zinafika zambiri ndi nkhondo. Asilikali a King's African Rifles, amene kale anali kuguba opanda nsapato kapena ndi nkhwaira, anabvekedwa jombo pa nkhondo yaciwiri, ndipo iwo pamodzi ndi anzao a Northern Rhodesia Regiment ndi a Rhodesian African Rifles anakafika mpaka ku Burma. Jombo ya usilikali ya masiku amenewo inali ya cikopa cokhacokha, ya misomali ya mitu ikuluikulu pansi pace ndi citsulo copindika ku cidendene, ndipo magulu a asilikali anali ndi amisiri ao oikonza. Nkhondo itatha jombozo zinabalalika m'midzi, m'migodi ndi m'mapulazi, ndipo luso la kuzikonza linabalalika nazo.

Pa zaka zomwezo anthu anaonanso jombo ya mtundu wina, koma pa cinsalu ca baisikopo. M'makomboni a migodi ndi m'matauni zithunzi zokondedwa koposa zinali za makauboi a ku America. Mai wina wophunzira wa ku America, dzina lace Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba kuti oonera anali kumucha kauboi ali yense wopambana dzina limodzi lakuti Jack, ndipo anali kuimirira ndi kupfuula pamene iye aponya nkhonya. Anyamata anasirira kayendedwe kace, cipewa cace cotambalala ndi jombo zace za cidendene cacitali. Ocepa okha anadziwa kuti jombo imeneyo poyamba inali cipangizo ca munthu wosauka, wolembedwa nchito yoweta ng'ombe za eni ace monga iwo analembedwa nchito yolima fodya wa eni ace.

Mbiri yace ndi iyi. Nkhondo ya paciweniweni ya ku America itatha mu 1865, dziko la Texas linali ndi ng'ombe zosawerengeka zopanda msika, pamene mizinda ya kumpoto ndi kum'mawa inali kufuna nyama. Kuyambira 1867 abusa anayamba kuyendetsa ng'ombezo mtunda wa mamailosi mazana ambiri, kutsata njira ya Chisholm kufikira ku njanji pa Abilene m'dziko la Kansas. Ulendo umodzi unali kutha miyezi iwiri kapena itatu. Abusawo sanali Azungu okhaokha monga baisikopo inaonetsera. Ambiri anali anthu akuda omasulidwa ku ukapolo, ndi anthu a ku Mexico amene ndiwo anayamba luso loweta ng'ombe pa kavalo m'maiko amenewo. Malipiro ao anali ocepa, ndipo cuma ca munthu mmodzi cinali cishalo ndi jombo.

Ciwalo ciri conse ca jomboyo cinali ndi cifukwa cace. Mwendo wace wautali unachinjiriza msongolo ku minga ndi ku njoka, ndipo mizere ya ulusi imene lero iyesedwa yokometsera inali yolimbitsa cikopa kuti cisagwe ndi kukwinyika pa akakolo. Inalibe zingwe zomangira, kuti munthu akagwa pa kavalo phazi litakodwa m'citsulo copondera, phazilo lisololoke m'jombo kavalo asanamkwekwereze pansi. Soli yace inali ya cikopa cosalala kuti ilowe ndi kutuluka msanga m'citsulomo, ndipo cidendene cacitali cinaletsa phazi kupyola. Tsono soli ya cikopa cosalala imatha msanga pa miyala, pamene cikopa ca pamwamba cikali ndi zaka zambiri za moyo. Cotero kuyambira paciyambi jomboyo inasokedwa ndi ganizo lakuti idzabweranso kwa mmisiri, kawiri, katatu kapena koposa.

Amisiri oyamba anakhala m'mphepete mwa njira za ng'ombe. Charles Hyer anasoka jombo ku Olathe m'Kansas m'zaka za m'ma 1870. H. J. Justin anatsegula kanyumba kace ka nchito mu 1879 pa Spanish Fort, pafupi ndi pamene ng'ombe zinali kuolokera mtsinje wa Red River, ndipo banja la Lucchese locokera ku Italy linayamba ku San Antonio mu 1883. Tony Lama anali wokonza jombo za asilikali apakavalo ku Fort Bliss, ndipo sitolo imene anatsegula ku El Paso mu 1911 inayamba ndi kukonza zakale isanachuke ndi kusoka zatsopano. Maulendo akulu a ng'ombe anatha ca m'ma 1885, njanji ndi waya waminga zitadula madambo, koma jombo inatsala.

Cinsinsi cimene cilola jombo kulandira soli yatsopano ciri m'kalamba kakang'ono ka cikopa kozungulira m'mphepete mwace, kamene m'Cingerezi akacha welt. Mmisiri sasokera cikopa ca pamwamba ku soli yoponda pansi ai. Poyamba asokera cikopa ca pamwamba pamodzi ndi kalambako ku soli ya m'kati, imene phazi ligonapo. Atatero asokera soli ya kunja ku kalambako ndi msoko waciwiri. Msoko waciwiriwo ukhoza kudulidwa osakhudza woyamba, monga munthu asasula udzu wakale pa denga ndi kufolera wina, phaso liri cikhalire. Kale misoko yonse iwiri inali ya pamanja. Ca m'ma 1870 Charles Goodyear wamng'ono, mwana wa uja anapeza njira yolimbitsa mphira pa moto, anafalitsa makina osokera kalambako, ndipo nsapato zolimba zinayamba kuchipa. Pa jombo ya kauboi pali cina coonjeza. Kalambako kalekezera pakati pa phazi, ndipo pa malo opindika a pakati pa cidendene ndi zala soli ikhomedwa ndi tizikhomo ta mtengo, mizere iwiri kapena itatu. Cifukwa cace n'cakuti mtengo utupa ndi kuuma pamodzi ndi cikopa, ndipo sucita dzimbiri monga msomali.

Tsono jombo yakutha ikafika pa benci, mmisiri wodziwa sathamangira mpeni. Ayamba wayang'ana m'kati ndi kukanikiza ndi cala, pakuti ngati mwini wace anacedwa kufikira dzenje laboola soli ya m'kati yomwe, nchito iculuka ndipo mtengo ukwera. Limeneli ndi dandaulo la amisiri a ku Texas ndi a ku Mashonaland cimodzimodzi. Akakhutira, azula cidendene, alowetsa mpeni pakati pa kalamba ndi soli, nadula msoko wonse pozungulira. Soli ikacoka paoneka zofewa zimene anadzazamo kale kuti phazi lipondepo bwino, kawirikawiri zopera za khungwa la mtengo wa cork, ndi kacitsulo kopyapyala kolimbitsa pakati pa phazi. Zofewazo azipala ndi kuikamo zina. Kacitsuloko kakathyoka akasintha. Pamenepo ifika nchito yotopetsa imene waulesi amailumpha, ndiyo kutola ndi lisungulo timaulusi takale tonse totsala m'mabowo a kalamba, bowo limodzi limodzi. Akailumpha, ulusi watsopano supeza njira, ndipo aboola mabowo ena pakati pa akale; kalamba kobooka cotero kang'ambika ngati pepala la masitampa, ndipo jomboyo siidzalandiranso soli yacitatu. Mwini wace sangaone kusiyana kwace tsiku lolandira jombo. Adzakuona patapita caka.

Cikopa ca soli ndi ca pamsana pa ng'ombe, cocindikala, cofufutidwa ndi makungwa a mitengo kwa nthawi yaitali. Ku Ulaya anali kufufutira khungwa la oak, ndipo kum'mwera kwa Africa khungwa la wattle, mtengo umene unabzalidwa wambiri m'mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe. Mmisiri acibviika m'madzi, acisiya usiku kuti cifewe, nacisula ndi nyundo pa citsulo kuti cigwirane ndipo madzi asadzalowe msanga. Aciceka mopitirira pang'ono, acimata, nasema ngalande yaing'ono pansi pace mmene ulusi udzabisala kuti usakhudze miyala. Ulusi aupaka phula la njuci losanganiza ndi utomoni. Phulalo lifewa ndi kukoka kwa dzanja, ndipo likazizira litseka bowo liri lonse. Atasoka akhoma tizikhomo, amanganso cidendene ndi zidutswa za cikopa zosanjikiza, apala m'mphepete ndi tupa ndi cidutswa ca galasi, nasalaza ndi phula ndi citsulo cotentha.

Kunena zoona, jombo yeniyeni ya ku Texas inali yosowa ku Tengwe, monga inali yosowa m'maiko onse atatu. Zimene zinafika kwa mmisiri wa pa komboni zinali abale ace: jombo za usilikali, jombo zazitali za alimi Acizungu okwera akavalo, nsapato za Bata, ndi nsapato ya m'thengo ya Mabunu imene aicha veldskoen. Kampani ya Bata, imene inayamba mu 1894 ku Zlín m'dziko limene lero ndi Czech Republic, inatsegula fakitale ku Gwelo, lero Gweru, mu 1939, ndipo nsapato zace zinafika mpaka m'masitolo a pa mapulazi. Veldskoen inayamba ku Cape, kumene alendo Acizungu anaonera kwa Akhoikhoi. Cikopa cace ca pamwamba cipindikira kunja ndi kusokedwa ku soli msoko uli poyera, cotero ibvuta pang'ono kukonza koposa zonse. Asilikali a ku South Africa anafika nayo ku Egypt pa nkhondo yaciwiri, amisiri a ku Cairo anaitsanzira, ndipo Nathan Clark wa ku England anaisandutsa nsapato yochuka ya Desert Boot imene inayamba kugulitsidwa mu 1950. Nsapato zonsezi zinasiyana maonekedwe, koma zabwino mwa izo zinali ndi cinthu cimodzi, ndico msoko umene mpeni ukhoza kuupeza.

Mmisiri wa pa komboni analibe sitolo. Kawirikawiri anali wanchito ngati anzace, wa m'munda, mlonda kapena wosankha fodya, amene anali kuyala thumba pansi pa mtengo madzulo ataweruka kapena tsiku la Sabata. Ena anaphunzira ku usilikali, ena pa masukulu ophunzitsa nchito za manja, ena poyang'ana cabe. Zipangizo zambiri anadzipangira yekha. Lisungulo linali la sipoko ya njinga, yonoledwa ndi kusemedwa kambedza kunsonga kokokera ulusi. Mpeni unali cidutswa ca maceka akutha. Ndipo wosowa phazi la citsulo lokhomerapo misomali anafunafuna citsulo ciri conse colemera m'zakutha za pa pulazi. Ndalama zinali kuoneka pokhapo tikiti itatha, ndiyo masiku 30 ogwira nchito, cotero mmisiri anali wa ngongole zambiri, ndipo nthawi zina analandira nkhuku kapena mbale ya ufa wa phoso.

Cikopa ca soli cinali codula ndi cosowa kutali ndi tauni, ndipo apa ndi pamene amisiri a kuno anaonetsa nzeru yao. Pulazi iri yonse inali ndi mulu wa matayala akutha a malole ndi mathirakitala. Matayala a masiku amenewo analibe waya pansi pa mbali yoponda, koma nsalu za ulusi zosanjikiza, cotero mpeni wakuthwa wonyowetsedwa m'madzi unali kuwaceka bwino. Mmisiri anaceka soli, naipeputsa posenda zina mwa nsaluzo, ndipo ulusi umene anasolola m'tayala lomwelo, makamaka utafika wa nailoni, ndiwo anasokera. Nkhwaira za tayala, zimene Mashona azicha manyatera, zinafala m'dziko lonse, ndipo mnyamata ali yense wa mpeni akhoza kuziceka. Koma kusokera tayala pa jombo ya cikopa kunafuna luso loposa, pakuti tayala n'lopindika mwacibadwa, ndipo likasokedwa mosasamala likoka jombo mphuno ndi cidendene kumwamba ngati bwato. Kauboi akadaikana soli yotere, cifukwa mphira igwira m'citsulo copondera. Koma munthu woyenda pansi m'mizere ya fodya, m'matope a mwezi wa Januwale atasenza masamba, afuna kugwira komweko.

Adani akulu a cikopa ca pamwamba ku Tengwe anali madzi ndi moto. Fodya athyoledwa m'dzinja, m'mamawa mame asanakamuke, ndipo balani iyaka usana ndi usiku ngati sabata lathunthu pa kuumitsa kumodzi. Munthu wonyowa mapazi, amene afunika kulawiriranso m'munda mawa, ayesedwa ndithu kuika jombo zace pafupi ndi ng'anjo. M'mawa azipeza zouma inde, koma zokhwinyata ndi zolimba gwa, pakuti moto uturutsa mafuta a m'cikopa ndi kufinyimphitsa minyewa yace, ndipo cikopa copsa sicicira. Njira yoyenera ndi yocedwa: kupukuta matope, kudzaza m'kati ndi mapepala kapena udzu wouma, kuumitsa pa mthunzi pamene mphepo ipita, ndipo kenaka kupaka mafuta a ng'ombe osungunula osanganiza ndi phula, pang'ono pang'ono, cikopa cizimwa. Oili wakuda wa thirakitala, amene ena anapaka cifukwa anali waulere, afewetsa cikopa masiku ocepa ndi kuciononga pambuyo pace. Pamene cikopa cang'aluka kale pa malo opindika a pamwamba pa zala, mmisiri wabwino aika cigamba m'kati, atapala m'mphepete mwace kuti mupyapyale ndipo musapange matuza. Wacisawawa aika cigamba kunja, pamene ciri capafupi kusoka, ndipo madzi alowa pa msoko wace.

Cimene cinafooketsa luso limeneli cinali makina atsopano. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafakitale anaculukitsa nsapato za soli yomata ndi guluu yekha, kapena yothira mphira ndi pulasitiki m'cikombole kuti igwirane ndi cikopa ca pamwamba kamodzi kokha. Kunena cilungamo, nsapato zotere zinabveka ana a sukulu ndi amai ambiri amene makolo ao anamwalira osabvalapo nsapato, ndipo palibe wanzeru angazinyoze pa cimeneco. Koma zinalibe kalamba, ndipo soli ikatha panalibe msoko wakudula. M'minda munafika magambuti, amene akabooka amatidwa cigamba monga cubu ca njinga, nchito yosafuna mmisiri. Matayala naonso anasintha. Mtundu watsopano umene kampani ya Michelin ya ku France inatulukira mu 1946 uli ndi mawaya a citsulo pansi pa mbali yoponda, ndipo utafala m'maiko a kuno mpeni wa mmisiri unayamba kukumana ndi waya. Amisiri anasaka matayala a mtundu wakale, kapena malamba akutha onyamulira miyala m'migodi.

Nyengo za mabvuto ndizo zinatalikitsa moyo wa lusoli. Boma la Ian Smith litalengeza pa 11 November 1965 kuti ladzilamula lokha, maiko ambiri anakana kucita nalo malonda. Fodya anabvuta kugulitsa, katundu wa kunja anacepa, ndipo anthu anaphunzira kusataya kanthu. Koma kuyambira 1991, pamene boma la Zimbabwe linatsegula zipata za malonda, nsapato zochipa za kunja zinasefukira, pamodzi ndi mabelo a zobvala zakale amene ku Malawi awacha kaunjika, ku Zambia salaula ndi ku Zimbabwe mabhero. M'mabelo amenewo ndi mmene jombo yeniyeni ya kauboi imapezeka nthawi zina pa misika ya kuno, zaka zambiri pambuyo pa Jack wa pa baisikopo, soli itapyapyala kale pa miseu ya ku America, ndipo odziwa kumasula msoko wace atacepa. Caka comweco ca 1991 ku Bulawayo kunayamba kampani ya Courteney, yosoka jombo za alenje ndi zikopa za nyama za m'thengo monga njati. Jombo zace zisokedwa mwa njira ya veldskoen kuti zilandirenso soli, zigulidwa ndi anthu acuma a ku America ndi ku Ulaya, ndipo pansi pa zambiri mwa izo pali mphira ya mizere ya tayala, yofanana ndi imene wanchito wa pa pulazi anali kupondera cifukwa ca kusowa.

Kuyambira caka ca 2000 mapulazi ambiri a ku Karoi ndi ku Tengwe analandidwa kwa eni ace Acizungu ndi kugawidwa kwa alimi atsopano. Anthu anenapo zambiri pa mlandu wa dzikowo, ndipo mbali zonse ziri ndi mau ao. Koma amene anatsala pa mphambano anali machona ndi ana ao. Iwo analibe mudzi m'dziko la Zimbabwe wothawirako, ndipo lamulo la unzika la 2001 linaika ambiri a iwo pa gulu la alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira malamulo akulu a dziko a 2013 anatsegulanso njira kwa obadwira m'Zimbabwe a makolo ocokera ku maiko oyandikana. Makomboni ambiri anabalalika. Ena anatsala kugwira nchito kwa alimi atsopano, pakuti fodya alimidwabe ku Hurungwe. Ena anasamukira ku Chikangwe ndi malo ena a m'tauni ya Karoi. Ena anapita kokumba golide, ndipo ena anakwera basi kunka ku Malawi amene anali asanamuonepo. Mmisiri wa pa komboni anali kudalira anansi 100 kapena 200 olandira ndalama tsiku limodzi, ndipo anansiwo atamwazika anafunika kunyamula thumba lace kukafuna mapazi kwina. Mu 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inasanduka pepala cabe ndipo masitolo anali opanda kanthu, thumbalo linadyetsa mabanja, pakuti nsapato zimene zinali zitataidwa pansi pa kama zinaturutsidwanso.

Lero wosoka nsapato apezeka pa khonde la sitolo, pafupi ndi pokwerera basi, ku Karoi monga ku Chipata, ku Tete ndi ku Lilongwe. Lisungulo lace likali la kambedza ndipo ulusi wace ndi wa nailoni, koma jombo ya kalamba imfika kamodzikamodzi. Nchito yace yambiri ndi ya nsapato zomata za ku mafakitale a ku China ndi za m'mabelo. Pali mwambo wina umene amisiri a masiku a tikiti akadadabwa nao: munthu agula nsapato yatsopano pa msika, ndipo asanaibvale ndi tsiku limodzi lomwe apita nayo kwa mmisiri, nati, "Amisiri, mundizungulizire iyi." Mmisiriyo asema ngalande yaing'ono m'mphepete mwa soli, aboola, nasoka pozungulira ponse kuyambira ku cidendene, mwini wace akudikira pa benci.